Chiliza cha agogo: nkhani ya galamafoni ija

Achemwali aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Ndachokera kwa mmisiri ku Limbe, galamafoni yoti tiyimbire mbale za agogo pa mwambo wa chiliza ija waitsegula ine ndili pompo. Lamba wake anasungunuka wachita kumata ngati phula, ndiye mota ikulira koma mbale siikuzungulira. Singano nayo inatha, akuti tikaumirira yomweyo tikanda mbale zonse za agogo

Malume (Joni): Ine ndinagula ikuyimba bwinobwino. Pioneer imeneyo si zamasewera

Mayi aang'ono: Inkayimbatu komweko achimwene, kuno yafika ili duu

Achemwali aakulu: Lamba ndi singano K45,000, ntchito K25,000, pulagi asinthanso poti ija ndi ya ku Joni yamano obulungira siikulowa pa soketi. Apereka ndi mayi aang'ono ndi alamu basi, enanu Mpamba ndi Airtel Money nambala ndi zomwe zija

Malume (Joni): Ine mbali yanga ndinatha, ndinagula ikuyimba

Mdzukulu: Pepani kulowerera, ndawerenga mbale za mkatoni muja zilipo 31 koma 9 ndi zolemera zija za 78, pomwe galamafoniyi imazungulira pa liwiro la 33 ndi 45 basi

Mayi aang'ono: Ndiye kuti chani iwe

Mdzukulu: Ndiye kuti za 78 sizitheka, mukaika pa 45 mawu azikoka ngati woyimbayo wamwa kachasu, komanso zimafuna singano yakeyake yonenepa

Mayi aang'ono: Kkkkk. Koma zimenezotu ndi zomwe bambo anabwera nazo ku Wenela, ankazipukuta ndi mpango Lamulungu lililonse, mwana kukhudza kokha khofi

Alamu: Galamafoni ya Supersonic ya ku Bulawayo ija ikanakhalapo bwenzi tisakuvutika chonchi

Achimwene (Area 25): Mukufuna kunena chani alamu

Alamu: Palibe, ndangoikumbuka. Inali pabalaza mpaka tsiku la maliro

Achemwali aakulu: Tisayambe chonde

Mayi aang'ono: Za mbuzi bwanji, mwini wake akuti ikafika Loweruka aigulitsa kwina. Komanso simenti yatsala matumba awiri okha

Alamu: Mbuzi yake yowonda ija? Tumizani chithunzi

Malume (Joni): Mbuzi ndi galamafoni zonse ine? Ndinagula ikuyimba, ndinalipiranso basi kuchoka Park Station mpaka Blantyre

Achemwali aakulu: Palibe wakana malume. Ine ndikufunsa K70,000, mmisiri akuti sayitanitsa lamba asanaone ndalama. Achimwene a ku Area 25 matiki abuluu ndikuwaona

Achimwene (Area 25): Ndiona kumapeto kwa mwezi

Mayi aang'ono: Mwezi wake uti

Mdzukulu: China, tikailumikiza pa sipika ya kutchalitchi ija mawu azimveka pansi kwambiri, ikufunika ampu yokhala ndi polowetsa polembedwa phono. Ndiponso kumudzi magetsi kulibe, tibwereke inveta ndi batire

Achemwali aakulu: Iwe bwanji sunanene zonsezi poyamba

Mdzukulu: Ndinanena pa 3, munali pa nkhani ya nsalu

Alamu: Ndawonjezera 10 pin, onani meseji

Achemwali aakulu: Yafika alamu zikomo. Yatsala K30,000. Azisuweni a ku Leeds chilowereni mgulu muno sanayankhulepo, amene ali ndi nambala yawo ina awaimbire

Mayi aang'ono: Atulukatu dzulo usiku, simunaone?