Zatheka: mijigo yonse tsopano ili ndi boma ndi T/A yake

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha sabata yatha. Ndinafunsa za pulogalamu yaulere yoti ndiike pa kompyuta yathu, yotenga manambala a GPS a mijigo n'kundiuza boma ndi mfumu yaikulu ya malowo, popanda kudalira intaneti.

Ena munatchula Nominatim, koma ntchito yake yaikulu ndi kufufuza ma adiresi, pomwe ine ndimangofuna malire basi. Ndinatsata malangizo a achimwene amene anati ndiike PostgreSQL (pulogalamu yosungira deta) ndi PostGIS (chowonjezera chake chogwira ntchito ndi mapu), ndikopere malire a Malawi pa webusaiti yogawira deta ya HDX, kenako ndigwiritse ntchito ST_Contains, lamulo la PostGIS loona ngati malo ali m'kati mwa malire.

Poyamba sizinayende. Palibe mjigo ngakhale umodzi umene unagwera m'boma lililonse. Nditatsegula QGIS, pulogalamu yoonera mapu, ndinapeza timadontho tonse ta mijigo tili m'nyanja ya Atlantic, kufupi ndi Morocco! Vuto linali langa: ST_MakePoint, imene imasandutsa manambala a GPS kukhala kadontho pa mapu, imafuna longitude poyamba, latitude pambuyo, koma ine ndinayamba ndi latitude. Kwathu kuno longitude ili pakati pa 32 ndi 36, ndipo latitude imayamba ndi chizindikiro chochotsera chifukwa tili kumwera kwa equator. Nditatembenuza manambalawo n'kuika SRID 4326 (nambala youza PostGIS kuti manambalawo ndi a longitude ndi latitude a GPS), zonse zinakhala m'malo mwake.

Musaiwalenso kuika index ya GiST pa malirewo, imene imathandiza kompyuta kufufuza mwachangu. Isanakhalepo ndinkachita kukafulula tiyi podikira, pano ndi kanthawi kochepa chabe.

Panatsala mijigo ingapo ya m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, imene GPS inaiponya m'madzi pang'ono. Imeneyo ndinaipatsa T/A yoyandikana nayo pogwiritsa ntchito ST_Distance, imene imayeza mtunda, ndipo ndaiika chizindikiro kuti anzathu akaipimenso akapitako.