Kodi madijiti omaliza a 3^3^3^3 tingawapeze bwanji?

Wophunzira_Masamu: Akuluakulu, ndikupempha thandizo. Ndinawerengetsa nsanja ya ma 3 atatu, 3^3^3, yomwe ndi 3^27 (ma 3 okwana 27 ochulukitsidwa pamodzi), ndipo ndinapeza 7,625,597,484,987. Koma nditawonjezera 3 wina pansi pa nsanjayi kuti ikhale 3^7,625,597,484,987, kompyuta yanga inangoti zii mpaka ndinaizimitsa. Chikundizunguza n'chakuti nambala yaikulu kwambiri yotchedwa nambala ya Graham, imene wolemba za masamu Martin Gardner anaitchukitsa mu 1977, amati imathera ndi 387 pamene palibe munthu angailembe yonse. Kodi mathero a nambala imene sanaionepo amawadziwa bwanji?

Mphunzitsi_Wopuma: Mwana wanga, kompyuta yanu siinalakwe, pakuti 3^7,625,597,484,987 ili ndi madijiti 3,638,334,640,025. Koma kuti mudziwe mathero ake simufunika nambala yonse ayi. Tengani pepala, muzichulukitsa 3 ndi 3 mobwerezabwereza, maso anu ali pa dijiti yomaliza yokha. Mupeza 3, 9, 27, 81, 243, kutanthauza kuti mathero ake ndi 3, 9, 7, 1, kenako abwereranso pa 3 ndi kuyamba kuzungulira. Tsono mukagawa 7,625,597,484,987 ndi 4, chotsala ndi 3, ndipo dijiti yachitatu pa mzerewu ndi 7.

Madijiti awiri amatenga nthawi yotalikirapo kuti abwerere poyambira, chifukwa 3^20 ndi 3,486,784,401, yomwe imathera ndi 01. Mukagawa 7,625,597,484,987 ndi 20 chotsala ndi 7, ndipo 3^7 ndi 2,187, choncho mathero ndi 87. Kuzungulira kotereku anakutsimikizira katswiri wa masamu Leonhard Euler m'zaka za m'ma 1700. Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri n'chakuti nsanja ikamakwera, madijiti akumapeto amakhazikika mmodzimmodzi osasinthanso, n'chifukwa chake nambala ya Graham, yomwe ndi nsanja ya ma 3 yaitali kopitirira muyeso, mathero ake amadziwika.

Wamapulogalamu: Aphunzitsi afotokoza bwino. Achimwene, mu Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, lembani pow(3, 7625597484987, 1000) ndipo 387 ituluka nthawi yomweyo, popeza pulogalamuyo imasunga chotsala chokha ikagawa ndi 1000 pa sitepe iliyonse.

Madijiti oyambirira ndiwo ovuta, chifukwa kumeneko kulibe kuzungulira. Mumachulukitsa 7,625,597,484,987 ndi logarithm ya 3 (nambala x imene 10^x ndi 3), imene imayamba ndi 0.4771212547, ndipo yankho ndi 3,638,334,640,024.0996 ndi zina zotsatira. Gawo la kuseri kwa kadontho ndilo limasonyeza kuti nambalayo imayamba ndi 1258. Koma samalani, muyenera kutenga logarithm imeneyi ndi madijiti oposa 17, apo ayi kagawo kofunikako kasochera.

Wophunzira_Masamu: Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndayesa pow ija ndipo 387 yatulukadi. Ngati ndamva bwino, nsanja ya ma 3 asanu ingafune logarithm ya madijiti oposa 3.6 thiriliyoni kuti tipeze dijiti yake yoyamba yokha, pamene 387 yakumapeto ndingaipeze ndi pensulo. Madzulo ano ndiyesa kugawa ndi 10,000 kuti ndione pamene dijiti yachinayi ikhazikike.