Trout zakana sipina masiku atatu, ndiike nyongolotsi kapena?

Kambedza:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu watentha. Masiku atatu otsatizana ndikuperekeza alendo odzawedza ndipo nsomba za trout zikungotiyang'ana. Madzi aphwa, ayera mbee moti mwala uliwonse ukuoneka, nsombazo tikuziona ndi maso zili phee m'dziwe kunsi kwa mathithi. Ndaponya sipina (nyambo yachitsulo ya tsamba lozungulira) ya Mepps nambala 1 yasiliva, yagolide, nambala 0 yakuda, kasupuni, Rapala (kansomba kochita kupanga) yoyandama ya masentimita 5, zonse. Imalondola mpaka pamapazi kenako n'kutembenuka. Dzulo tsiku lonse imodzi basi, mlendo anachoka osatsanzika bwino. Loweruka ndili ndi bambo wina ndi ana ake awiri, wamng'onoyo sanagwirepo ndodo chibadwire. Nyambo yamoyo ndi yololedwa kunsi kwa mlatho koma nsomba iliyonse timabweza m'madzi. Leader, chingwe cha kumapeto chomangirako nyambo, ndi fluoro (chosaoneka kwambiri m'madzi) yopirira mapaundi 6, 6lb. Ndiike nyongolotsi kapena ndilimbikire? Za fly, nyambo ya nthenga yonga kachilombo ija, musandiuze chonde, ana sangaponye.

Madala Nyongolotsi:
Nyongolotsi. Nkhani yatha. Trout inayamba kudya nyongolotsi chitsulo chisanasulidwe.

Mlonda wa Dziwe:
Achimwene, tisanafike pa nyambo, madziwo mwawayeza? Mwatchula sipina zonse za m'bokosi koma themomita simunaitchule.

Kambedza:
Ndinayeza dzulo. Madigiri 17 Celsius m'mawa cha m'ma 8, masana 19, pofika 3 koloko inagunda 21. Koma nsomba zilipo bwana, ndikuziona.

Mlonda wa Dziwe:
Ndiye vuto lanu si Mepps. Trout imasangalala pakati pa 10 ndi 16, ikadutsa 20 imakhala ikungopirira. Madzi a 10 amasunga mpweya pafupifupi mamiligalamu 11 pa lita, a 20 pafupifupi 9, pamene thupi la nsombayo likufuna wambiri kuposa kale chifukwa cha kutenthako. N'chifukwa chake zaunjikana kunsi kwa mathithi, zikutsata mpweya. Mukaikoka nthawi ngati imeneyo, ngakhale muibweze ikusambira bwinobwino, mawa mudzaipeza ili chagada. Ine ndimazitola m'mawa ndi neti, ndikudziwa chimene ndikunena. Pa 20 pindani ndodo, kaya ndi nyambo yanji.

Madala Nyongolotsi:
Nsomba yotopa sithamangitsa chitsulo. Koma nyongolotsi ikaidutsa pamphuno imangoyasamula. Mwana wa eni ake akagwire nsomba, ndi chimene bambo wake akulipirira.

Chemwali wa Fly:
Madala, poyasamulapo ndiye pali mlandu. Sipina nsomba imaimenya ikuthamanga, mbedza imakola pamlomo. Nyongolotsi imaimeza. Mwana amene sanagwirepo ndodo sadziwa kuti floti ikangoti njenjenje akoke, amayamba waitana bambo ake kuti adzaone, pofika pokoka mbedza ili kukhosi kapena m'makha, magazi chuchuchu. Ofufuza atasonkhanitsa zotsatira zambiri mu 1992 anapeza kuti trout zogwidwa ndi nyambo n'kubwezedwa zimafa pafupifupi imodzi mwa zitatu, pamene za sipina ndi fly pafupifupi imodzi mwa 20. Pamalo potenga nsomba kupita nayo kunyumba palibe kanthu. Koma achimwenewa anena okha kuti pamenepo amabweza zonse. Ku Yellowstone, paki ya ku America, analetseratu nyambo pafupifupi m'paki monse ndipo mbedza iyenera kukhala yopanda kamunga kobwerera kaja, si kuti amadana ndi ana.

Wa Rapala:
Ine mawu anga ndi pa mbedza za mano atatu. Kambedza, ngati ulimbikire sipina ndi ana, chotsa treble uike mbedza imodzi, kamungako ufinye ndi pulayasi. Chaka china ndinali ndi mnyamata wa zaka 9, ndinangotembenuka kuti ndimasule chingwe cha mlongo wake chimene chinakola mu nthambi, kumva kukuwa. Waponyera kumbuyo, Rapala yakola bambo ake kukhutu, mano awiri alowa. Bamboyo anali wamakani, akuti ingozula. Sindinayerekeze, khutu limatuluka magazi ngati wazinga nkhuku. Tinadula mphete ndi pulayasi, ulendo wa ola lathunthu kupita kuchipatala mbedza ikulendewera ngati ndolo. Mwana analira njira yonse, bambo akumutonthoza ndi mbedza kukhutu. Chiyambire tsiku limenelo aliyense amavala chipewa ndi magalasi, kaya kuli mitambo. Ndipo ana awiri osawaimika pamodzi, atalikirane ndodo zitatu.

Madala Nyongolotsi:
Mwaona. Nyongolotsi ili ndi mbedza imodzi. Sinakolepo khutu la munthu.

Wa Rapala:
Madala chala chanu chamanthu chija chinatupa ndi chiyani?

Madala Nyongolotsi:
Unali munga wa m'tchire.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndiyankheko funso lenilenilo. Nsomba ikamalondola n'kubwerera ndiye kuti chidwi chilipo, yangoona chinachake chokayikitsa, kawirikawiri ndi inu nomwe. Madzi oyera chonchi 6lb ndi chingwe cha ng'ombe, tsikani pa 4. Trout imayang'ana kumene madzi akuchokera, choncho yambirani kumunsi muzikwera, muziponyera kumtunda n'kukoka mofulumirako pang'ono kuposa madziwo kuti tsamba lizizungulira. Chithunzithunzi chanu chisagwere padziwe, malaya owala asiyeni m'galimoto. Ikamalondola musachepetse liwiro, ambiri amalakwitsa pamenepa poganiza kuti akuidikira, onjezani kapena gwedezani nsonga ya ndodo. Kansomba kothawa sikaimira mdani. Lauri Rapala uja ankawedza ku Finland, anasema yoyamba yake mu 1936 ndi khungwa la mtengo wa cork ataona kuti nsomba zolusa zimasankha kansomba kosambira mopunduka pakati pa gulu. Mfundo yake ikadali yomweyo. Koma dziwe limodzi mwaliponyera masiku atatu, nsombazo zaloweza bokosi lanu lonse. Lipumitseni.

Kambedza:
Zikomo aphunzitsi koma mwana wa zaka 6 aponyere kumtunda ndi 4lb? Chingwe chidzakhala chisa cha mpheta mphindi zisanu zisanathe.

Chemwali wa Fly:
Ngati mwatsimikiza za nyongolotsi ndiye bola muchite moteteza nsomba. Circle hook, mbedza yozungulira ya nsonga yopindikira mkati, nambala 8 kapena 10, yofinya kamunga. Imeneyo sifuna kukoka ndodo mwamphamvu nsomba ikadya, mwana angozunguza rilo basi, mbedza imatsetsereka yokha n'kukakola pakona ya mlomo. Kwa ana imathandiza chifukwa kuchedwa kwawo kuja sikupha nsomba kwambiri. Chingwe chisakhale cholendewera. Ikameza ndithu musakumbe kukhosi ndi pulayasi, dulani chingwe pafupi ndi mlomo muisiye, zambiri zimapulumuka motero kuposa zozulidwa. Manja anyowe musanaigwire, ndipo chithunzi chikhale chimodzi. Makolo amafuna zisanu, mwana aliyense payekha, kenako onse pamodzi, nsomba ikuphupha m'mwamba. Ine ndimawauza kuti agwire mpweya wawo pamene nsomba yatuluka m'madzi, akafuna kupuma ndiye nayonso nthawi yake yakwana.

Madala Nyongolotsi:
Tafika. Mwazungulira dziko lonse mpaka Finland kuti mubwerere pa nyongolotsi.

Chemwali wa Fly:
Ndati ngati, madala.

Watsopano:
Pepani akuluakulu ndine wachilendo pantchitoyi. Nanga PowerBait, nyambo yogula yonga phala louma ija? Si yamoyo ndiye imalowa mbali iti? Komanso tinsomba tamoyo bwanji, ndinamva kuti trout ya mtundu wa brown yaikulu imafuna timeneti.

Mlonda wa Dziwe:
PowerBait malo ambiri malamulo amaiwerengera ngati nyambo, chifukwa ili ndi fungo ndipo nsomba imameza chimodzimodzi. Werenga chilolezo chako, usadzakangane ndi mlonda kuti si yamoyo. Imagwira kwambiri trout za mtundu wa rainbow zoleredwa ndi mapeleti zimene angozithira kumene, zobadwira mumtsinje sizilabadira kwenikweni.

Za tinsomba tamoyo, mphwanga, ndikupemphe uiwale. Chimene chimandisowetsa tulo si amene timafera pambedza, ndi amene timatsala mu ndowa madzulo. Munthu amamva chisoni n'kutikhuthulira m'madzi. Dziwe lina limene ndinkayang'anira linatha choncho. Wina anakhuthula ndowa yake, patapita zaka zochepa tinsomba tachilendo tinali tadzaza, tikudya chakudya chonse cha ana a trout, mapeto ake tinaphwetsa dziwe lonse n'kuyambiranso. Madzi akatayika saoleka. Ku Yellowstone Lake anapeza lake trout mu 1994, nsomba yosakhala ya m'nyanjamo, ndipo mpaka lero akuitchera maukonde, achotsa mamiliyoni, kuti cutthroat, trout ya komweko, ipulumuke. Chaka chomwecho ku Madison River ku Montana anatsimikiza whirling disease, matenda amene amawononga chichereŵechereŵe cha ana a trout mpaka kumasambira mozungulira ngati amisala, rainbow m'mbali zina za mtsinjewo zinatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 zilizonse. Kachilombo kake kamayenda ndi nsomba, matope a kunsapato, madzi a m'ndowa, ndipo kamadutsira m'kanyongolotsi ka m'matope kotchedwa tubifex.

Wa Rapala:
Madala mwamva? Nyongolotsi.

Madala Nyongolotsi:
Imeneyo ndi ya m'matope a pansi pa madzi, yanga ndi yokumba panthaka, si pachibale. Musandinamizire nyambo.

Mlonda wa Dziwe:
Apa madala akunena zoona, ndi zosiyana. Komabe nsapato ndi neti muziumitsa musanasinthe mtsinje.

Mphunzitsi Wopuma:
Chinanso pa ana. Amayi awo amawapaka mafuta oteteza kudzuwa ndi mankhwala a udzudzu asanatsike m'galimoto, kenako mwana n'kugwira nyambo ndi manja omwewo. Trout imanunkhiza kwambiri. Nyamboyo muziika nokha. Ndipo m'nyengo yotentha chonchi nyongolotsi zikakhala padzuwa ola limodzi zimasanduka phala, ndinatsegulapo chitini pamaso pa alendo, fungo lake mayi wina anabwerera kugalimoto osatulukanso.

Koma ine ndikanakhala inu ndikanaimbira bamboyo kuti tiyambe kusanache, 5 koloko tili pamadzi, 9 koloko tapinda. Kapena kusuntha tsikulo kudikira mvula.

Kambedza:
Ndamuimbira, akuti ana sadzuka 5 koloko, afika cha m'ma 10. Kusintha tsiku akukana, Lamlungu akubwerera kwawo. Ndikakana ine apita kwa wina amene sayeza n'komwe madzi.

Chemwali wa Fly:
Apite. Ine ndinabwezapo ndalama kawiri chaka chatha chifukwa cha themomita. Mmodzi anandilalatira pafoni, winayo anabweranso nyengo yozizira ndi anzake atatu. Mtsinjewo mudzaufunanso chaka chamawa.

Wa Rapala:
Kunena n'kosavuta chemwali, inu muli ndi alendo odzaza buku. Mnzathuyu wangoyamba chaka chachiwiri.

Madala Nyongolotsi:
10 koloko, dzuwa lili pamutu, mwana wa zaka 6, madzi oyera. Ndiuzeni chitsulo chimene chigwire pamenepo. Ndakhala pamtsinje zaka 40. Nyongolotsi, kamtovu kamodzi, pamthunzi.

Mlonda wa Dziwe:
Pa 21 ngakhale nyongolotsi yanuyo ayi, madala. Ndanena kale.

Madala Nyongolotsi:
10 koloko sinafike 21.

Watsopano:
Pepaninso, poti mwatchula za chisa cha mpheta. Chingwe changa chimapotana nthawi zonse ndikaponya sipina, ngakhale chatsopano. Ndaika swivo, kachitsulo kozungulira koletsa kupotana kaja, koma sizikusintha. Kapena ndinakulunga molakwika pa rilo?

Wa Rapala:
Swivo yanji, ya mabelingi kapena yotchipa ija? Ndipo ukamamva drag, buleki ya rilo ija, ikulira umapitiriza kuzunguza?

Watsopano:
Ndimapitiriza. Sizololedwa kodi?