Za kosiya ana pa holide zija, zatha chonchi

Abale, paja ndinafunsa kuti ana anga awiri, wa zaka 4 ndi wa zaka 6, ndiziwasiya kuti pa holide yaitaliyi poti sukulu yawo ya pulayiveti imatseka msanga kuposa zaboma ndipo ine ndi bambo awo tonse tili pantchito. Zikomo nonse munandiyankha.

Ambiri munati ndiitanitse mwana wa achimwene kumudzi, koma iyeyo amakhala akadali m'kalasi mpaka chakumapeto kwa July ndiye sizinatheke. Kusukulu kwa ana angawa kuli ka pulogalamu ka holide koma amaweruka 12 koloko, nanga ine ndichoke bwanji ku City Centre masana kukawatenga ku Area 47 ndi maminibasi akewa?

Mapeto ake tagwirizana ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka yemwe nayenso ali pa holide. Tikumusonkhera mabanja atatu, ana amaswera kunyumba kwake, aliyense ndi kachikwama kake ka chakudya, botolo la madzi ndi zovala zosinthira. Ndinakaona kaye mpanda, chimbudzi komanso ngati pali galu.

Chomwe ndinakanitsitsa ndi mtsikana wa zaka 14 yemwe mnzanga anandipezera, ameneyo ndi mwana nayenso, sangasenze ana awiri tsiku lonse.