Bala la opaleshoni ya bambo anga likuchucha madzi, ndipange bwanji?

Membala wobisa dzina
A Admin chonde dzina langa lisaoneke, achibale anga ambiri ali pa gulu pompano. Abale ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Bambo anga anawapanga opaleshoni pa chipatala china, dzina sinditchula. Kuti alowe ku fiyeta tinaona zakuda. Ulendo woyamba anawauza kuti asadye kanthu kuyambira pakati pa usiku, tinadikira mpaka 3 koloko masana munthu wamkulu milomo itauma gwa, kenako akuti kwabwera amayi awiri oyembekezera ofunika opaleshoni yamsangamsanga, mubwere sabata yamawa. Ulendo wachiwiri akuti zipangizo sizinawiritsidwe chifukwa magetsi anathima. Wachitatu m'pamene zinatheka.

Maulendo onsewa thiransipoti yochokera ku Jali ndimalipira ndekha. Achimwene anga ali ku Joni amangotumiza mavoisi akuti limbani mtima. Mlamu wanga sanabwere ngakhale usiku umodzi kudzandilandira ugadiyani, ine ndimagona pa chitenje pansi pa bedi, koma pogawa chimanga cha bambo ndiye amayamba kufika ndi matumba. Geni yanga ya tomato ku Mpondabwino inaima, mpamba ndinadyera kuchipatala komweko.

Pano tili kunyumba. Bala likuchucha madzi, bandeji ikumanyowa, nsima akukana, akungomwa phala pang'ono. Azakhali akuti tipakepo mankhwala achikuda. Kodi anawasoka molakwika? Ndibwerere nawo komweko kapena ndikongole ndalama tipite ku pulayiveti?

Namwino Wopuma
Mwanawe pepa. Koma zofunika sunanene. Opaleshoni yake inali ya chiyani, papita masiku angati? Thupi likutentha? Madziwo ndi oyera, ofiirira kapena ndi mafinya onunkha? Akusanza? Akupita kuchimbudzi? Ali ndi nthenda ya shuga? Yankha msanga. Pa bala musapakepo chilichonse.

Make Mapasa
Alamu otere ali paliponse asisi. Wanga ine mayi atagonekedwa anabwera tsiku limodzi lokha, atatchena, n'kujambula chithunzi kuika pa Facebook kuti akudwazika. Achimweneyo muwauze mosapsatira mawu, bambo ndi a nonse.

Mphunzitsi wa ku Thondwe
Nkhani iyi ndakhala ndikuinena pa gulu pano ndipo sinditopa. Mkazi wanga anatsala pang'ono kutisiya pobereka mwana wachitatu. Opaleshoni inayenda bwino, mwana analira, tinasangalala. Usiku ku wodi magazi amatayika m'kati, namwino anali mmodzi amayi odzaza mpaka pansi, anazindikira ndi gadiyani wa bedi loyandikana kuti milomo yayera. Kuchokera tsiku limenelo ndimawerenga chilichonse chokhudza maopaleshoni. Mu 2018 panatuluka kafukufuku m'magazini ya The Lancet wa odwala oposa 11,000 m'mayiko 25 a mu Africa muno. Anapeza kuti munthu wopangidwa opaleshoni kuno mpata woti amwalire ndi wowirikiza kawiri poyerekeza ndi dziko lonse, chikhalirecho odwala athu ambiri ndi achinyamata. Ndipo mwa anthu 100 alionse omwe anamwalira, 94 anamwalira tsiku la opaleshoni litadutsa kale. Mwamva? Mpeni siumene ukutimaliza. Tikuthera ku wodi ndi kunyumba, kumene kulibe woyeza thupi, woona BP, wofunsa kuti mkodzo ukutuluka kapena ayi.

Che Kabaza wa pa Chinamwali
Ine njinga inandigwetsa pa Songani fupa kutulukira panja pa mwendo. Anandikonza ndi clinical officer, lero ndikunyamula anthu mpaka Domasi. Osamangonyoza zipatala zathu. Koma bala langa ankalitsuka tsiku lililonse, ndiye asisi musakhale nawo kunyumba madalawo.

Dona wa ku Mulunguzi
Vuto ndi lomwelo, mumapangidwa opaleshoni ndi anthu oti si madokotala enieni. Ine wanga sindingalole. Kongolani ndalama mupite ku pulayiveti ku Blantyre, moyo sagula.

Clinical Officer Wachinyamata
Amayi, mawu amenewo akupweteka. Pitani m'zipatala za m'maboma mukafunse amene amatulutsa ana pa opaleshoni 2 koloko usiku, amene amakonza hernia (chotupa chobwera matumbo akatulukira pamalo ofooka a pamimba), amene amalumikiza mafupa. Ndi ma clinical officer. Tinaphunzira, tili m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Dziko lino linayamba kuphunzitsa madokotala ake pa College of Medicine mu 1991, ndipo akatswiri a opaleshoni mpaka lero ndi ochepa, ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu zinayi, Queens, Kamuzu Central, Mzuzu ndi Zomba Central. Tikachoka ife mayi wa ku Chingale amuthandiza ndani? Bala limatha kulowa tizilombo ngakhale wasoka ndi pulofesa.

Dona wa ku Mulunguzi
Nanga bwanji akuluakulu akadwala amathawira ku India ndi ku South Africa?

Mphunzitsi wa ku Thondwe
A Dona, funso lanulo likugwirizana ndi mfundo yanga, koma mwalakwitsa poloza chala. Si munthu wogwira mpeni, ndi dongosolo lonse. Bungwe la WHO linatulutsa mu 2008 pepala limodzi lokha la mfundo 19 zoti a ku fiyeta azifunsana mokweza. Wodwala asanagonetsedwe: dzina lake ndi ili? Tikung'amba mbali iti? Kachipangizo koyeza mpweya m'magazi kali pa chala? Asanacheke: jakisoni woteteza ku tizilombo waperekedwa mkati mwa mphindi 60 zapitazi? Asanatuluke: tinsalu topukutira magazi ndi zipangizo zakwana monga tinaziwerengera poyamba? Anayesa m'zipatala 8 za m'mayiko osiyanasiyana, chimodzi cha ku Ifakara ku Tanzania konkuno, imfa zinatsika kuchoka pa 1.5 peresenti kufika pa 0.8. Pepala chabe! Silifuna madola. Likufuna kuti namwino wamng'ono akhale ndi ufulu wouza bwana kuti imani kaye, kansalu kamodzi sikakuoneka. Ndiye ine ndimafunsa, makomiti athu a zipatala anayamba afunsapo ngati pepalali likutsatidwa kapena amangolichonga opaleshoni itatha?

Gogo wa ku Malosa
Aphunzitsi, mwanayu wafunsa za bambo ake omwe ali gone m'nyumba, inu mwayamba kalasi.

Mtumiki wa Yehova
Palibe bala lomwe Mulungu sangapoletse. Tikukupemphererani mlongo. Koma ku chipatala pitaninso, nzeru za madokotala anapereka ndi Iye.

Zitsamba Zamphamvu
Ndili ndi mafuta a aloe vera osakaniza ndi uchi, bala lililonse masiku atatu lauma. Inbox.

Namwino Wopuma
A Admin chotsani uyu. Ndagwira ntchito ku wodi ya opaleshoni zaka zambiri, ndaona mabala opakidwa zitsamba, phulusa, mankhwala otsukira mano, ngakhale makapisozi ong'ambidwa. Munthu amabwera ulusi utamasuka, fungo lodzaza wodi yonse, bala loti likanapola sabata ziwiri n'kutenga miyezi. Mwini funso uli kuti? Ndikudikira mayankho.

Mnyamata wa ku Chikanda
Madala akukana nsima? Aphikireni chambo cha ku Kachulu muone ngati akane 😂

Make Mapasa
Iwe, nkhani ya matenda sachitira nthabwala. Tsiku lina adzakhala bambo ako.

Mphunzitsi wa ku Thondwe
A Gogo ndakumvani, koma tikapanda kukamba zimenezi mawa kubwera wina ndi funso lomweli. Taonani nkhani ya mlongoyu: anabwezedwa kawiri. Koyamba chifukwa fiyeta ndi anthu ogonetsa odwala ndi ochepa, mayi woyembekezera akabwera ena onse amayenera kudikira, ndipo m'pomveka. Kachiwiri chifukwa makina owiritsira zipangizo amadalira magetsi. Akatswiri omwe anakhala pansi mu 2015 anati anthu 5 biliyoni pa dziko lapansi alibe mwayi wa opaleshoni yabwino yomwe angaikwanitse. Anati pa anthu 100,000 alionse pakhale akatswiri 20 a opaleshoni, ogonetsa ndi a uchembere, ndipo munthu azifika pa chipatala chopanga opaleshoni pasanathe maola awiri. Wa ku Chisi pa nyanja ya Chilwa nthawi ya dzinja angafike maola awiri? Zotheka zilipo, onani chipatala cha ana cha Mercy James ku Blantyre chomwe chinatsegulidwa mu 2017, ana akupangidwa maopaleshoni akuluakulu konkuno. Koma nyumba yokongola imodzi siikwanira. Tikufuna jenereta yokhala ndi mafuta, madzi a pampopi osaduka, okosijeni, ndi anamwino okwanira usiku. Ndi magazi! Nonse mukulemba apa, ndi angati munaperekako magazi a bungwe lotolera magazi la MBTS akabwera? Mkazi wanga ali moyo chifukwa cha mapainti awiri a munthu yemwe sindimudziwa.

Clinical Officer Wachinyamata
Apa aphunzitsi mwanena zoona. Kwa mwini funso: bwererani komwe anapangidwira, chifukwa faelo yawo ili komweko ndipo akudziwa zomwe anapeza m'kati. Ngati pali chomwe simunakhutire nacho, m'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman wa pachipatala, mukadandaule bambo atathandizidwa kaye.

Dona wa ku Mulunguzi
Kudandaula kwa anthu omwewo? Zikomo.

Membala wobisa dzina
Pepani foni inathima, ndimatchajitsa kwa aneba. Amayi anamwino, inali ya hernia, lero ndi tsiku la 6. Shuga ali nayo inde, mapilitsi anatha tili ku wodi ndipo sindinakumbuke kukatenga ena ndi mmene zinthu zinalili. Thupi layamba kutentha dzulo, usiku amanjenjemera. Madziwo ndi achikasu, akununkha, m'mbali mwa bala mwafiira ndi kutupa. Kusanza ayi. Tsiku lobwerera analemba m'kabuku ndi Lachinayi, ndiye ndimati tidikire. Achimwene ndawaimbira sakuyankha, koma pa WhatsApp akuoneka kuti ali pa intaneti.

Namwino Wopuma
Mwanawe, Lachinayi ndi kutali. Nyamukani usiku uno. Shuga yosamwera mankhwala, bala la mafinya ndi kunjenjemera, tizilombo tikhoza kulowa m'magazi. Phimba balalo ndi kansalu koyera kochapa ndi kusita, usalifinye. Tenga kabuku ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse ngakhale otha. Ukafika usakaime pa mzere wa mawa, pita kolandirira odwala mwadzidzidzi, ndipo mawu oyamba unene kuti ndi a shuga, apangidwa opaleshoni masiku 6 apitawo, thupi likutentha. Awayeze shuga pomwepo. Pa njinga ayi, pezani galimoto. Za achimwene uziona mawa.

Mphunzitsi wa ku Thondwe
Mwaona? Munthu wa shuga kutuluka m'chipatala opanda mapilitsi, popanda womufotokozera gadiyani zizindikiro zoti abwerere nazo msanga. Izi ndi zomwe ndikunena ine. Kapepala kakang'ono ka m'Chichewa kopatsa gadiyani aliyense potuluka kangadye ndalama zingati?

Che Kabaza wa pa Chinamwali
Asisi muli mbali iti ya Jali? Mnzanga ali ndi Sienta amagona pa trading pomwepo, ndimuimbire?

Membala wobisa dzina
Muimbireni mnzanuyo Che Kabaza chonde, ndakulemberani ku inbox. Kabuku ndakapeza, ndikuwaveka bambo jekete.