Kodi "tsabola wakale sawawa" amatanthauza chani kwenikweni?

Abale odziwa Chichewa chakuya ndithandizeni, mwambi uwu wandikhala pamtima masiku atatu tsopano.

Nkhani yake ndi iyi. Msuweni wanga wabwera kuchokera ku Moatize ndi Switch yake, kamakina kosewerera magemu ka kampani ya Nintendo, nde madzulo kuno ku Ulongwe magetsi akakhalapo timasewera gemu ya Zelda, Tears of the Kingdom ija ya 2023. Ine Zelda ndinaiyamba ndili mwana pa kompyuta ya achimwene, nde titafika poti Rauru wa mtundu wakale wa a Zonai ndi mkazi wake Sonia ndi amene anakhazikitsa ufumu wa Hyrule, dziko la m'gemuyi, ndinamuuza kuti ima kaye, izi sizikugwirizana ayi ndi magemu akale a Zelda. Mu Ocarina of Time ya 1998 Rauru ndi nkhalamba ya munthu ya ndevu zoyera, osati uyu wa makutu ataliatali ngati mbuzi. Skyward Sword ya 2011 inatiuza kuti chiyambi cha zonse ndi anthu otsika kuchokera ku Skyloft kumitambo, a Zonai osamveka ngakhale dzina. Nanga a Rito? Mu Wind Waker a Zora, anthu onga nsomba, ndi amene anasanduka a Rito, anthu onga mbalame, dziko litamira m'madzi, koma mu Breath of the Wild ya 2017 mitundu yonse iwiri ilipo, ena kumadzi ena kumapiri ozizira, ngati palibe chinachitika. Ndipo ndi Nintendo yomweyo imene mu 2011 inatulutsa buku la Hyrule Historia nkugawa mbiri ya Hyrule panjira zitatu kuyambira pa Ocarina, ife tinaziloweza zonsezo ndi mtima wonse.

Iye osachotsa maso pa sikirini anangoti "aaa iwe, tsabola wakale sawawa", nkupitiriza kumenya zilombo zake.

Apa mpamene pandivuta. Poyamba, tsabola wakale amawawa ndithu. Mayi amayanika piripiri pa lata kuseri kwa khitchini, akauma nkumusunga m'botolo, wa chaka chatha yemweyo akangopukusira pang'ono mu nyemba mphuno zimatuluka thukuta. Nde akuluakulu ponena mwambiwu sankanena za tsabola wa m'botolo, pali china.

Ndinawaimbira agogo ku Domwe. Anati iwo amaunena kwa munthu amene ankaopedwa kale, kaya mfumu kaya bambo wankhanza pakhomo, koma pano akakalipa ana sathawanso, kapena lamulo lakale limene anthu analitaya. Atamva kuti tikukangana za nkhani yakale anangowonjezera kuti "mwana wanga, mawu a akulu akoma akagonera", foni nkuduka mayunitsi atatha.

Ngati agogo akunena zoona nde mwambiwu ndi wa mphamvu ya munthu ikatha, osati wa zimene zinachitika kale. Mbiri siitha ukali ngati munthu. Kuno tonse timamva kuti Zwangendaba anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu 1835, tsiku la kadamsana. Wina atabwera lero nkunena kuti ayi anali mfumu ina ndipo anawolokera kwina, tingamuyankhe kuti tsabola wakale sawawa? Sitingatero, tingamufunse kuti wazitenga kuti. Ndikudziwa Hyrule ndi dziko lopeka koma amene analipeka anatipatsa ndondomeko yake okha, ndipo munthu ukatsatira nthano zaka zonsezi umafuna wokamba akumbukire zimene ananena dzulo.

Msuweniyo akuti kwawo amaunena pa chilichonse chakale, fashoni, nyimbo, foni, bola chatha nthawi. Mwina ndi mmene achinyamata tausinthira.

Nde ndikufunsa inu a ku Tsangano, Furancungo, ngakhale a kutsidya ku Dedza ndi Ntcheu, kwanuko mumaunena pa munthu yekha kapena pa nkhani yomwe? Ndipo "wakale" ameneyu ndi wokhalitsa, kapena ndi tsabola amene lilime lamuzolowera? Amene muli ndi agogo pafupi tawafunsireniko, msuweniyo akubwerera ku Moatize Lamlungu ndipo ndikufuna ndimuyankhe asanakwere chapa.