Makontirakitala ang'onoang'ono pa sayiti ya kunyanja: tiwagwire bwanji?

Kapitawo_Makawa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikumanga zipinda 8 zogona alendo m'mbali mwa nyanja, chakumsewu wa ku Monkey Bay. Konkire, denga ndi magetsi tikufuna kupereka kwa makontirakitala ang'onoang'ono atatu. Chondidetsa nkhawa ndi anyamata awo kukwera padenga atavala patapata, komanso ntchito yosalala lero koma ming'alu pakangotha miyezi itatu. Tiwamange ndi chiyani?

Mayi Injiniya:
Bambo, chingwe chomangira kontirakitala ndi ndalama, ndipo chimagwira pokhapokha zonse zili papepala. Asanaponde pa sayiti onani satifiketi yake ya kaundula wa makontirakitala, yomwe ambiri timaidziwa kuti ya NCIC, ndipo ikhale yosatha nthawi. Wamagetsi akhale ndi chilolezo cha MERA, apo ayi mudzavutika pomwe mukufuna kuti ESCOM ikulumikizeni.

Mumgwirizano lembani ntchito yeniyeni ndi miyezo yake, amene agule zipewa, majombo ndi magolovesi, ndi amene adzalipire chipepeso munthu akavulala, malinga ndi lamulo la Workers' Compensation Act la 2000. Malipiro agaweni m'zigawo: maziko, silabu, khoma kufika pa ring beam (lamba wa konkire wa pamwamba pa khoma), denga. Chigawo chilichonse chilipiridwe mutachiyendera ndi kusainirana. Pa bilu iliyonse sungani 10 peresenti. Theka mupereke ntchito ikatha, theka linalo pakadutsa miyezi 6, makamaka dzinja litadutsapo, chifukwa denga lodontha silidziwika mu Okutobala.

Chachikulu kwambiri: chilichonse chokwiririka chisakwiriridwe musanachione. Zitsulo konkire isanathiridwe, mapaipi asanakwiriridwe, mawaya pulasitala isanamatidwe. Jambulani zithunzi zokhala ndi tsiku.

Che Foromani wa ku Namwera:
Mayi anena zoona. Ine ndionjezere za ngozi, poti kunyanjako dothi ndi mchenga. Dzenje la septic tank kapena ngalande yozama kupitirira mita 1.2 imagumuka osachenjeza, makamaka madzi akayamba kutumphuka pansi. Tchingani m'mbali ndi matabwa kapena kumbani motsetsereka, ndipo dothi lofukulalo liunjikidwe mita imodzi kuchoka m'mphepete. Munthu asalowemo yekha popanda wina pamwamba.

Sikafodi ya mitengo ya bulugamu si yoipa ikamangidwa bwino. Mizati iponde pathabwa, osati pamchenga kapena panjerwa, pakhale mitengo yopingasa, matabwa oyendapo akhomedwe, ndiponso chotchingira chofika m'chiuno, pafupifupi mita imodzi. Wogwira ntchito pamwamba popanda chotchingira, kupitirira mamita awiri, amange lamba wachitetezo. Mwera ukamaomba, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, malata asakwezedwe. Lata limodzi likagwidwa ndi mphepo limakoka munthu ngati thanga la bwato, ndipo likauluka limacheka.

M'mawa uliwonse mphindi 10 zokambirana ntchito ya tsikulo, aliyense alembe dzina m'buku. Wopanda chipewa ndi majombo abwerere pageti, ngakhale akhale mlamu wake wa kontirakitala. Mukalekerera mmodzi Lolemba, pofika Lachitatu onse avula. Madzi akumwa ndi mthunzi zisasowe. Kutentha kwa kuno kumachititsa chizungulire munthu ali pamwamba.

Mmisiri_Malombe:
Achimwene, ming'alu mukuiopayo imayambira pa zinthu zitatu: mchenga wamatope, madzi ochuluka, ndi kusathirira. Mchenga uyeseni m'botolo: thirani mchenga ndi madzi, khutchumulani, siyani maola angapo. Matope akakhala pamwamba kupitirira mamilimita 8 pa mchenga wa masentimita 10, ukaneni. Mchenga wosalala kwambiri wa pagombe umamwa madzi ambiri, konkire yake imafooka. Funani wokhakhala wa kumtsinje.

Muyezo ukhale wa ndowa imodzimodzi, osati fosholo: ya simenti 1, mchenga 2, kwale 4, pokhapokha injiniya atalemba zina. Anyamata amakonda kuonjezera madzi kuti konkire iziyenda mosavuta, apa ndiye muimepo nokha. Pansi pa zitsulo za silabu ikani timiyala ta simenti ta mamilimita 25 kuti chitsulo chisagunde shatala (matabwa ogwira konkire), chingadzachite dzimbiri. Thirani konkire m'mamawa, kenaka fundikani ndi masaka onyowa ndi kuthirira masiku 7 osadumphitsa. Werengani matumba opanda kanthu madzulo aliwonse. Simenti yosowa imaoneka pamenepo. Ndiponso musaike ntchito yothira silabu Lachisanu: amisiri ambiri kuno amapita ku mapemphero a Juma masana, ndipo konkire yoima pakati imasiya msoko wofooka.

Mayi Injiniya:
Za Lachisanu ndavomereza. Pa silabu yapamwamba, mizati yochirikiza isachotsedwe masiku 14 asanakwane, ngakhale kontirakitala alire kuti akufuna matabwa ake kwina.

Kontirakitala_Koche:
Ine 10 peresentiyo ndikuiona yolemera kwa munthu wa anyamata 6, mmene mitengo ikukweramu. Ikani 5, koma simenti ndi zitsulo mugule nokha, iye mumulipire za manja. Ndipo mukasainirana chigawo, ndalama ituluke sabata yomweyo. Kontirakitala wochedwetsedwa malipiro ndi amene amagulitsa simenti yanu kuseri kuti alipire aganyu Loweruka.